Vinyo wofiira ndi ndalama zopumira pa ntchito: yankho kwa aphunzitsi a ku Ntcheu

Aphunzitsi ena a cha ku Tsangano andilembera imelo. Akupuma pa ntchito chaka chino, ndipo mphwawo wa ku Joni wawauza kuti anthu olemera masiku ano amagula vinyo wofiira, kumusunga zaka khumi, n'kudzamugulitsa pa mtengo wokwera. Funso lawo n'lakuti, popeza kwawoko kumazizira, kodi sangagule mabokosi angapo ndi ndalama zopumira n'kuwasunga kuchipinda?

Aphunzitsi, mundikhululukire, ndilankhula motalika. Vinyo mukunenayu ndinamunyamulapo ndi manja angawa.

Ndinapita ku South Africa monga amapitira anyamata ambiri a kuno ku Dedza, pa basi, kachikwama kamodzi. Ndinayamba n'kutsuka mbale mu lesitilanti ina ku Stellenbosch, kenako kuperekera zakudya. Abwana ataona kuti sindilawa pa ntchito, anandipatsa kiyi wa chipinda cha pansi chosungiramo vinyo. Munalibe windo. Makina oziziritsa ankalira usana ndi usiku kuti muzikhala madigiri 13, osakwera osatsika. Mabotolo onse ogoneka, kuti vinyo azinyowetsa chitsekerero, chifukwa chikauma chimafota, mpweya n'kulowa, vinyo n'kusasa. Ngakhale chinyezi cha mumpweya ankachiyeza kuti chizikhala cha m'ma 70 peresenti. Abwanawo malipiro ankachedwetsa, ife tinkagona mothithikana m'kachisakasa ka malata, koma magetsi akangothima jenereta yoyamba kulizidwa inali ya mabotolo. Mwezi wa Febuluwale, dzuwa la ku Cape lili phwee, ndinkatsikira m'menemo thukuta lili kamukamu n'kupeza botolo likusamalidwa kuposa munthu. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa.

Komabe m'chipinda chomwecho ndimo ndinaphunzira kuti vinyo wokoma akakalamba ndi wochepa zedi. Amafunika mphesa za khungu lochindikala monga Cabernet Sauvignon, zimene zimapatsa vinyo kukhakhala kuja komanga lilime, kuphatikiza kuwawasa kokwanira. Ziwirizi n'zimene zimamugwira kuti asafe, ndipo zaka zikamapita kukhakhalako kumafewa, fungo n'kusintha. Vinyo wa ku Stellenbosch monga Kanonkop Paul Sauer kapena Meerlust Rubicon (wachiwiriyu anayamba kupangidwa mu 1980) amatha zaka 15 kapena 20 akukomerakomera. Koma wambiri amene mumamuona m'masitolo a ku Lilongwe, ndi uja wa m'zigubu za malita asanu wolowera ku Mozambique, anapangidwa kuti amwedwe msanga. Mukamusunga zaka khumi mudzatsegula viniga.

Mphwanuyo sananame zonse, ayi. Msika ulipo ndithu. Mu 1855, mfumu ya ku France, Napoleon III, ikukonzekera chionetsero chachikulu ku Paris, amalonda a ku Bordeaux, dera lolima mphesa ku France komweko, anaika minda ya mphesa m'magulu asanu. Pamwamba panali Lafite, Latour, Margaux ndi Haut-Brion, ndipo Mouton Rothschild inakwezedwa kulowa m'gululi mu 1973. Mayina amenewa, ndi ena ochepa a ku Burgundy, dera linanso la ku France, ndi ku Italy, ndiwo amagulidwa ngati chuma. Mu 2018, pa okushoni ya Sotheby's ku New York, botolo limodzi la Romanée-Conti la 1945 linagulidwa madola 558,000. Mu 1945 munda wa Romanée-Conti unangotulutsa mabotolo 600. Nkhani yotereyi ndi imene imazungulira pa WhatsApp. Imene siizungulira ndi iyi: Hong Kong itachotsa msonkho wa vinyo mu 2008, ogula a ku China anathamangira vinyo wa ku Bordeaux, mitengo inauluka, kenako mu 2011 inagwa n'kukhala pansi zaka zingapo. Inakweranso mpaka 2022, n'kutsikanso. Amene anagula pamwamba analira ngati wina aliyense. Ndipo botolo silibereka. Silikupatsani chiwongoladzanja, limangodya ndalama yolisungira.

Tsopano mverani apa, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Wogula vinyo wodula amagula mbiri ya botolo: linachoka kuti, linagona kuti chaka ndi chaka, anasaina ndani. Vinyo wa bizinesi nthawi zambiri safika n'komwe kunyumba kwa mwini wake. Amakhala m'nyumba zosungiramo katundu ku England, msonkho usanalipidwe, ali m'bokosi lake la matabwa losatsegula, mwiniwake akulipira lendi ndi inshuwalansi chaka chilichonse. Amagulitsidwa kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo osasuntha pa shelefu. Chifukwa chake ndi akuba. Rudy Kurniawan, mnyamata wa ku Indonesia amene ankakhala ku California, ankasakaniza vinyo wotchipa kunyumba kwake, kuthira m'mabotolo akale, kumata mapepala abodza, n'kugulitsa kwa anthu a mamiliyoni amene ankadzitcha akatswiri. Apolisi a ku America a FBI anamugwira mu 2012, ndipo mu 2014 anamulamula kukakhala kundende zaka khumi. Kuyambira pamenepo ogula anachenjera kwambiri. Botolo lochokera kuchipinda kwanu ku Tsangano lili ngati ng'ombe yofika pamsika yopanda kalata ya amfumu: kaya yanenepa bwanji, wanzeru saigula.

Ndiye ndinene mosapsatira. Munthu wouza mphunzitsi wopuma pa ntchito kuti aike ndalama zake mu vinyo, kaya sakudziwa zimene akunena, kaya akufuna kudyapo. Mufunseni mphwanuyo kuti iye ali ndi mabotolo angati, akusungidwa kuti, ndipo anagulitsapo limodzi kwa ndani. Zimandinyansa mmene anthu amanunkhizira ndalama zopumira. Munthu wagwira choko zaka makumi atatu, palibe womuyendera, koma cheke chikangomveka abale amatuluka ngakhale ku Angonia, aliyense ndi nzeru yake. Amalume anga anawagulitsa minibasi yoti injini yake inali itatha kale. Inayenda mpaka pa Lizulu, lero nkhuku zikuikiramo mazira.

Mantha anu ndikuwamvetsa. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anasiya ndalama m'buku la ku banki anaziona zikusungunuka. Koma vinyo wa ku France amagulidwa ndi mapaundi kapena mayuro, ndipo ndalama zakunja mukudziwa mmene zikuvutira kuno. Muonjezere thiransipoti ndi msonkho wa pa boda, kenako podzagulitsa a okushoni nawo adzadulepo yawo.

Za kuzizira kwa kwathu

Inde, boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo Tsangano mu Juni ndi Julayi chisanu chimalowa m'mafupa. Koma vinyo safuna chisanu, amafuna nyengo yosasinthasintha. Nyumba ya malata mu Okutobala imatentha masana n'kuzizira usiku. Vinyo amafufuma, kubwerera, kufufuma, mpaka kuyamba kudontha pa chitsekerero. Mukati mugule firiji yake yapadera, magetsi athu ndi omwewa mukuwadziwa. Nanga ulendo wa pa lole kuchokera ku Johannesburg kudutsa ku Tete, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40? Botolo limafika litapsa kale.

Komanso, aphunzitsi, tisanamizane, inu ndinu Angoni. Mowa ugone m'nyumba zaka khumi? Pakati apa padzagwa maliro, padzabwera chinkhoswe, alamu adzafika kuchokera ku Umhlangano kukhosi kuli gwa. Ndani adzawauze kuti bokosi lili pansi pa bedilo ndi la 2035? Ife a ku Dedza timakusekani, koma nafenso sitingathe.

Yankho langa n'lakuti ayi, musaikemo ndalama zopumira. Pitani kwa broker wovomerezeka, munthu wothandiza kugula ndi kugulitsa masheya, mukafunse za masheya a pa Malawi Stock Exchange ndi ma Treasury bill (mumabwereketsa ndalama ku boma n'kulandira chiwongoladzanja), kapena gulani malo a mapepala okwanira, kapena ikani pang'ono mu mbatatesi imene mumaidziwa bwino. Ngati vinyoyo mukungomufuna, gulani mabotolo awiri kapena atatu a Cabernet ya ku Stellenbosch ndi ndalama yoti simudzailira. Muwagoneke m'katoni, pansi pa simenti, m'chipinda chapakati chopanda dzuwa, kutali ndi khitchini, ndipo muwamwe zaka zitatu kapena zisanu zisanathe. Tsiku lotsegula muliimike botolo kuyambira dzulo lake, n'kuthira pang'onopang'ono, chifukwa pansi pamakhala nsenga.