Chimene chimaletsa mabomba a nyukiliya kuphulitsidwa si mantha okha

Mphunzitsi wina wa mbiri yakale pa sekondale ina ku Salima watitumizira imelo. Akuti ophunzira ake a Fomu 4 anamufunsa kuti ngati maiko akuluakulu amasunga mabomba a nyukiliya pofuna kuopseza adani kuti asayambe nkhondo, nanga chimawaletsa n'chiyani kuwaphulitsa tsiku lina? Iye wawonjezerapo funso lake: kodi yureniyamu ya ku Kayelekera singathe kukathera mu bomba?

Aphunzitsi, ganizo la kuopsezana ndi ili: ukandiponyera, ine ndikubwezera mpaka tonse tithe, choncho usayerekeze. Ganizoli limagwira pokhapokha ngati dziko loponyeredwalo lingatsale ndi zida zobwezera. N'chifukwa chake Britain, kuyambira 1969, nthawi zonse imakhala ndi sitima imodzi yonyamula mizinga ya nyukiliya ikuyenda pansi pa nyanja. Sitima yobisika chotere imakhazika mitima pansi, chifukwa mtsogoleri safunika kuthamangira kuponya. Ngakhale dziko lake litaphulitsidwa, sitimayo ikadalipo.

Zoopsa kwenikweni ndi mizinga yokwiriridwa m'maenje pamtunda. Mdani amadziwa pamene ili, ndiye mwini wake amaopa kuti akachedwa aiwononga isanadzuke. Mzinga wochoka ku Russia umafika ku America m'mphindi pafupifupi 30, nthawi yongokwanira kuchoka pa boma la Salima kukafika ku Senga Bay pa galimoto. Pa mphindi zimenezo muchotsepo zoti setilaiti ione moto wa mzinga, asilikali atsimikize, akuluakulu aimbirane mafoni. Mtsogoleri amatsala ndi mphindi zochepa kwambiri. Apa ndi pamene kulakwitsa kumalowera, ndipo kunalowapo kale.

Usiku wa pa 26 Sepitembala 1983, makompyuta a Soviet Union anaonetsa kuti mizinga isanu yanyamuka ku America. Msilikali amene anali pa ntchito, Stanislav Petrov, anakayika. Anaona kuti dziko lofuna kuyamba nkhondo yotere silingaponye mizinga isanu yokha, komanso makina a radar apansi anali asanaone kalikonse. Anauza akuluakulu ake kuti makina alakwitsa, ndipo zinalidi choncho: kuwala kwa dzuwa kunanyezimira pa mitambo yam'mwamba, setilaiti n'kuyesa moto wa mizinga. Ku America nako, mu Novembala 1979, tepi yophunzitsira asilikali inalowetsedwa m'makompyuta enieni, ndipo zinaoneka ngati nkhondo yayamba. Choncho lamulo loyamba lodziletsa n'lakuti chenjezo lisakhulupiriridwe mpaka zida ziwiri zosiyana mtundu zitagwirizana, setilaiti yoona kutentha ndi radar yoona chinthu chenichenicho chikuuluka.

Kenako pali maloko. Mabomba ambiri ali ndi loko wamagetsi amene satseguka popanda manambala achinsinsi ochokera kwa akuluakulu, ndipo ukalakwitsa manambala kangapo bombalo limadzitseka. Pa mizinga ya Minuteman ya ku America, asilikali awiri amayenera kutembenuza makiyi nthawi imodzi, ndipo makiyiwo anatalikirana moti munthu mmodzi sangawafikire onse. Komabe gulu limodzi silikwanira, gulu lachiwiri la kumalo ena liyenera kuchitanso chimodzimodzi. Chofooka chake chili pamwamba penipeni. Maloko amenewa amaletsa msilikali wopenga, koma saletsa pulezidenti, chifukwa ku America lamulo loponya limachokera kwa iye yekha. Ife tikuona kuti pamenepa ndiye pofunika kukonza mwachangu kuposa pena paliponse.

Kulankhulana nako n'kofunika. Pa mkangano wa mizinga ya ku Cuba mu Okutobala 1962, kalata ya Nikita Khrushchev, mtsogoleri wa Soviet Union, yopita kwa John Kennedy, pulezidenti wa America, inatenga maola pafupifupi 12 kuti ifike ndi kumasuliridwa. Mu 1963 maiko awiriwa anatsegula njira yachindunji pakati pa Washington ndi Moscow. Sinali telefoni ayi, anali makina olemba, dala, chifukwa mawu olembedwa amapatsa munthu mpata woganiza kusiyana ndi kukalipirana.

Ophunzira anu adzamvanso za lonjezo losayamba kuponya. China inalonjeza zimenezi mu 1964, chaka chomwe inaphulitsa bomba lake loyamba loyeserera. India nayo inalonjeza, koma m'ndondomeko yake ya 2003 inasiya khomo lotsegula: ikadzaukiridwa kwambiri ndi zida za poizoni kapena za matenda, ikhoza kubwezera ndi nyukiliya. America ndi Russia alibe lonjezo lotere. Lonjezo lapakamwa lingasinthidwe m'mawa umodzi. Limakhala lodalirika ngati mitu ya mabomba ikusungidwa padera ndi mizinga yake, chifukwa kuilumikiza kumatenga nthawi ndipo setilaiti ya mdani imatha kuona.

Chimene chathandiza kwambiri ndi kuwerengerana zida pamaso. Pangano la INF la 1987, la pakati pa America ndi Soviet Union, linaletsa mizinga ya pamtunda youluka makilomita 500 mpaka 5,500, ndipo mizinga 2,692 inaphwanyidwa oyendera a mbali inayo akuonerera. Mizinga imeneyi inali yoopsa chifukwa inkafika m'mphindi zosakwana 10 nthawi zina. Panganolo linatha mu 2019. La New START la 2010, la pakati pa America ndi Russia, linaika malire a mitu 1,550 yokonzeka kuponyedwa ku mbali iliyonse, ndi maulendo 18 oyenderana pa chaka. Maulendowo anaima mu 2020, Russia inaimitsa kutengapo mbali mu Febuluwale 2023, ndipo tsiku lothera panganolo linaikidwa pa 5 Febuluwale 2026. Izi zikutidetsa nkhawa, chifukwa dziko losaona zimene mnzake ali nazo limangoganiza zoipitsitsa n'kuwonjezera zake. Pa dziko lonse pali mitu ya nyukiliya pafupifupi 12,000, ndipo pafupifupi 90 pa 100 iliyonse ndi ya America ndi Russia.

Zida za poizoni zikuonetsa phindu la kuyendera. Pangano loziletsa linayamba kugwira ntchito mu 1997 lili ndi bungwe lake loyendera, OPCW, ndipo pofika Julayi 2023 nkhokwe zonse zimene maiko anaulula zinali zitawonongedwa. Komabe mpweya wa sarin unapha anthu ku Ghouta, Syria, mu 2013, dzikolo lisanalowe m'panganolo. Pangano loletsa zida za matenda la 1972 lilibe oyendera mpaka lero.

Tsopano za Kayelekera. Chimene chimachoka ku mgodi wa ku Karonga ndi ufa wa yureniyamu wongoyengedwa pang'ono. Mu yureniyamu yachilengedwe, mtundu umene umaphulika, U-235, ndi 0.7 pa 100 yokha. Kupanga magetsi kumafuna 3 mpaka 5 pa 100, bomba limafuna pafupifupi 90. Kukweza mlingowo kumafuna kusandutsa ufawo mpweya n'kuupititsa m'makina ozungulira mwaliwiro ambirimbiri olumikizana, ndipo Malawi alibe makina otere. Choncho ngozi siili pa mgodi, ili pa wogula. Chotchinga ndi kalembera: mgolo uliwonse uyezedwe kulemera, ulembedwe, ndipo ziwerengero za wotumiza zifanane ndi za wolandira, pansi pa diso la IAEA, bungwe la pa dziko lonse loyang'anira za nyukiliya. Pangano la Pelindaba, limene linasainidwa ku Cairo mu 1996 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2009, limaletsa maiko a mu Africa amene analivomereza kugulitsa yureniyamu ku dziko lopanda zida za nyukiliya ngati dzikolo silikulola IAEA kuyendera malo ake onse. Malawi ali m'pangano limeneli, ndipo mu Juni 2022 anavomerezanso pangano la 2017 loletseratu zida za nyukiliya, limene palibe dziko lokhala ndi bomba lalisaina.

Muwauzenso ophunzirawo za South Africa. Inapanga mabomba asanu ndi limodzi mwachinsinsi, inawaphwasula yokha, inalowa m'pangano loletsa kufalitsa zida za nyukiliya mu 1991, ndipo pulezidenti wake wa nthawiyo, F.W. de Klerk, anaulula zonse mu Malichi 1993. Oyendera a IAEA anapita kukafananiza mabuku a fakitale yoyengera ndi yureniyamu imene inalipo, ndipo anakhutira kuti ntchito yopanga mabombayo inathetsedwadi.