Kodi a Banda onsewa ndi pachibale?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ine ndine Nabanda, ndimakhala ku Santhe kuno ku Kasungu. Tsiku lina tikusankha fodya mchigafa tinatsutsana kwambiri ndi alamu anga, iwo akuti mayi Joyce Banda ndi mdzukulu wa Kamuzu nde chifukwa chake anakhala pulezidenti, akutinso Rupiah Banda wa ku Zambia uja ndi msuweni wawo. Ine ndinakana koma ndinalibe pogwira. Zoona zake ndi ziti?

YANKHO: Anabanda, munakana bwino, alamu anuwo asokonezeka ndi chiwongo basi. Banda ndi mfunda waukulu zedi, pamodzi ndi Phiri, ndipo a Banda mukawapeza ku Chipata, ku Tete ngakhale pakati pa Atonga ku Nkhata Bay, moti kufanana dzina sindiye kuti munayamwa bere limodzi ayi.

Tiyambe ndi wakwanu konko. Hastings Kamuzu Banda anabadwira ku Kasungu, anachoka ali kamnyamata ulendo wapansi mpaka Rhodesia kenako kumigodi ku Joni, ndipo ine mpaka lero zimandigwira mtima ndikaganiza mtunda umene uja, mwana wakumudzi kuyenda choncho kufuna sukulu. Udokotala anaumaliza ku Meharry ku America mu 1937, nkukawonjezera ku Edinburgh, anachiza anthu ku London ndi ku Ghana, kwawo kuno anabwera pa 6 July 1958 atatha zaka zoposa 40 kunja. Azungu anamutsekera kundende ya Gwelo ku Rhodesia mu 1959, ufulu unabwera 1964, upulezidenti wamuyaya 1971, ndipo mu 1994 anagonja kwa a Bakili Muluzi. Anamwalira ku Johannesburg pa 25 November 1997. Mukapita ku Mtunthama, Kamuzu Academy ija anaitsegula mu 1981 pafupi ndi mtengo wa kachere pomwe amati anayambira kuphunzira.

Tsono mayi Joyce apa nde alamu anuwo aphonya kwambiri, chifukwa iwo Ubanda ndi wokwatiwira. Anabadwa Joyce Mtila mu 1950 kwa Malemia ku Zomba, dzinali analitenga kwa amuna awo a Richard Banda amene anakhalapo mkulu wa makhothi onse m'dziko muno. Mpando sanaulandire ngati chuma chamasiye, anali wachiwiri kwa a Bingu wa Mutharika kuyambira 2009, nde a Bingu atamwalira mu April 2012 malamulo adziko ndi amene anati iwo alowe, mpaka chisankho cha 2014. Zimandipweteka ndithu mzimayi akakwera anthu nkumafufuza kuti wamukweza ndi mwamuna uti, pomwe mayiwa anavutika okha zaka zambiri ndi mabungwe a amayi ochita mabizinesi ndale asanazilowe nkomwe.

Rupiah Banda anabadwira ku Gwanda ku Zimbabwe mu 1937, kwawo ndi cha ku Chipata kungodutsa boda ya Mchinji apa, analamula Zambia kuyambira 2008, pulezidenti Mwanawasa atamwalira, mpaka 2011.

Koma amene alamu anuwo akuyenera kumumva ndi Aleke Banda. Uyu anali Mtonga wa ku Nkhata Bay, analowa ndale ali wachichepere kwambiri, anakhala nduna komanso munthu wapafupi zedi ndi Kamuzu, koma boma la Kamuzu lomwelo linamutsekera osazengedwa mlandu kuyambira 1980 mpaka 1992, zaka 12 zathunthu, ana akukula opanda bambo pakhomo, Ubanda wake sunamuombole olo pang'ono. Atatuluka anayambitsa nyuzipepala ya The Nation mu 1993 ndipo anakhalanso nduna nthawi ya a Muluzi, anamwalira mu 2010.

Mukakumananso kuchigafako muwawerengere yankholi alamuwo, koma mwaulemu Anabanda, fodya akadali wambiri woti musankhire limodzi.