Wakana kubwera kutchuthi, ati ali kulabu

Funso: Mwana wanga wamwamuna ali m'chaka chachitatu cha fizikisi kuyunivesite ina ku South Africa. Wakana kubwera kutchuthi cha Disembala, ati aphunzitsi ake amutenga kuti aziwathandiza kupanga timiyalo topyapyala ta oxide. Kodi imeneyi ndi ntchito yeniyeni, kapena pali kamtsikana? — Mayi wodandaula, Area 25, Lilongwe

Yankho: Mayi, za kamtsikanazo mumufunse mwiniwake. Koma ntchitoyo ilipodi, ndipo zipatso zake mumazikhudza tsiku lililonse. Oxide ndi chomwe chimapangika chinthu monga chitsulo chikaphatikizana ndi okosijeni, ngati dzimbiri. Pansi pa galasi la mafoni ambiri pali kamuyalo ka indium tin oxide, kopyapyala maulendo mazanamazana kuposa tsitsi limodzi. Kuwala kumadutsa bwinobwino, magetsi nawonso amayenda, n'chifukwa chake foni imamva chala chanu.

Njira zopangira zilipo zingapo. Ina yotchuka m'malabu kuyambira 1987 ndi pulsed laser deposition. Amaika chibulumwa cha oxide m'chitini chachitsulo, n'kupopa mpweya wonse, kenako n'kulowetsamo okosijeni pang'ono chabe. Laser, kuwala kwamphamvu kolunjika malo amodzi, imamenya chibulumwacho mobwerezabwereza, ndipo nthunzi yowala imauluka n'kukatera pa kachidutswa ka kristalo kotenthetsedwa, nthawi zambiri madigiri 600 mpaka 800. Zikayenda bwino, maatomu amadzindandalika okha mzere pamwamba pa mzere, ngati njerwa za mmisiri wodziwa ntchito. Ine chimandizunguza mutu mpaka lero ndi chomwe Akira Ohtomo ndi Harold Hwang anapeza mu 2004: anasanjikiza oxide wina wotchedwa lanthanum aluminate pa wina wotchedwa strontium titanate, zonse ziwiri zosayendetsa magetsi, koma pokumanirapo magetsi anayenda.

Musaganize kuti mwana wanu akungowombera laser tsiku lonse. Wachaka chachitatu amatsuka tizidutswa ndi mankhwala otsukira otchedwa acetone, amadikira pampu maola ambiri, amakapima ndi X-ray ngati maatomu akhaladi m'malo mwake, n'kulemba zonse m'buku. Akakhudza kachidutswa popanda magolovesi, ntchito ya tsikulo yapita m'madzi. Zotere sizilowerana ndi makalasi, ndiye nthawi yake ndi ya tchuthi basi.

Ndinganene kuti musiyeni. Mphunzitsi amene wamuona akugwira ntchito ndi manja amadzalemba kalata yomveka pofunsira masters. Inu mungomufunsa ziwiri: ampatsako kangachepe, nanga azigona kuti, poti mahositelo ambiri amatsekedwa mu Disembala.