Kodi tinene kuti "matagi" kapena "zizindikiro"?

Funso: Ndikuphunzitsa achinyamata anzanga HTML, njira yolembera masamba a pa intaneti, m'Chichewa. Kodi timawu ngati <p> ndi </p> tizititchula kuti "ma tags", "matagi" kapena "zizindikiro"?

Yankho: Funso lanu landisangalatsa, ndipo ndiyamba ndi kukana "ma tags" kwamtuwagalu. Mawu amenewa achulukitsidwa kawiri, ndi ma- wa Chichewa koyambirira komanso ndi -s wa Chingerezi kothera, pamene makolo athu pobwereka mawu sankachita zimenezi. Iwo anati buku, mabuku, tebulo, matebulo. Mawu obwereka ankawathetsa ndi lembo la liwu, nawapatsa gulu la mayina kuti agwirizane ndi mawu ena m'chiganizo. Chizolowezi cholemba "ma" payekha kenaka n'kutsatiza liwu lachilendo losasinthidwa chafala kwambiri pa Facebook ndi pa wailesi, ndipo chimandiwawa chifukwa chikusonyeza kuti tasiya kuwalandira mawuwo bwinobwino.

Choncho nenani kuti tagi, matagi, m'gulu la Li-Ma: tagi ili, matagi awa. Tagi lotsegulira <p> limauza pulogalamu yowerengera masamba a pa intaneti kuti apa payamba ndime, ndipo tagi lotsekera </p>, lomwe lili ndi kamzere kopendekera, limaiuza kuti ndimeyo yatha. Mitu imalembedwa kuyambira <h1>, womwe ndi waukulu, mpaka <h6>. Matagi ena, monga 
 <br> wodula mzere ndi <img> woika chithunzi, alibe otsekera.

Mawu oti "zizindikiro" si olakwika, koma ndi otambalala kwambiri, pakuti < ndi > pazokha ndi zizindikiro kale, monganso mpumiro ndi mpatuliro. Wophunzira mukamuuza kuti atseke chizindikiro, sadziwa ngati mukunena > kapena tagi lonse. Komabe mawuwa ali ndi malo ake pofotokoza HTML yeniyeniyo. Chilembo M m'dzinali chikuimira liwu la Chingerezi loti "markup", kutanthauza kuika zizindikiro, lochokera kwa akonzi ndi osindikiza mabuku, ndipo ine ndimakumbukira bwino akonzi akale akulemba ndi inki yofiira m'mbali mwa pepala kuti uwu ndi mutu, apa pakhale ndime yatsopano. Tim Berners-Lee, yemwe anayambitsa HTML, atatulutsa mndandanda wa matagi 18 oyambirira mu 1991, akugwira ntchito ku CERN, malo ofufuzira za sayansi pafupi ndi Geneva, anapereka ntchito yomweyo kwa kompyuta. Motero mukhoza kunena mosakayika kuti HTML ndi njira yoikira zizindikiro pa zolembedwa.

Ophunzira anuwo muwaphunzitsenso kuyamba tsamba ndi <html lang="ny">, kuti makina ofufuzira ndi mapulogalamu owerengera anthu osaona adziwe kuti tsambalo ndi la Chichewa. Zilembo "ny" zikuchokera ku Chinyanja, dzina limene linkagwiritsidwa ntchito m'Malawi mpaka 1968 ndipo likugwirabe ntchito ku Zambia ndi ku Mozambique.