Magiya a Jigmaster yakale ndi nsomba imene ndinataya ku Umkomaas

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena okhala ku Cape Town, ndipo funso lawo linali lalifupi: ali ndi makina okulungira chingwe chowedzera nsomba, Penn Jigmaster 500 yakale imene anagula kwa munthu, ndiye akufuna kudziwa ngati angathe kuikamo magiya a Jigmaster 505 kuti izikulunga chingwe mofulumira. Achimwene, funso lanuli landitokosa pachilonda chakale, chifukwa maganizo amenewa ndi amene anandiwonongetsa makina oyamba owedzera amene ndinagula ndi thukuta langa.

Ine ndinakulira ku Nkhotakota, kumene bambo anga ankawedza kampango atagwira chingwe m'manja ali m'bwato, ndipo mphamvu ya nsomba ankaimva m'zala zawo popanda chitsulo chilichonse pakati. Nditafika ku Durban kudzagwira ntchito, ndinaona koyamba anthu ataima pamiyala ya m'mphepete mwa nyanja ya mchere ndi ndodo zazitali, aliyense ali ndi kamakina kokulungira chingwe kamene asodzi kuno amangokatcha reel. Ndinasunga ndalama kwa miyezi ingapo kenako ndinagula Jigmaster 500 pamsika wa katundu wakale. M'mbali mwake inali yokalikakalika, koma inkazungulira bwinobwino, ndipo chimene chinandikopa kwambiri chinali kabawuti kamodzi kamene ukakamasula ndi chala, mbali yonse ya kumanja imachoka, n'kutulutsa gudumu la chingwe popanda kufuna sipanala.

Reel imeneyi magiya ake ndi 4:1, kutanthauza kuti handulo ikazungulira kamodzi, gudumu la chingwe limazungulira kanayi. M'kati muli magiya awiri okha amene amagwira ntchitoyi: giya yaikulu imene imayenda ndi handulo, ndi kagiya kakang'ono kotchedwa pinion kamene kamavala pamtanda wa gudumu. Mukawerenga mano a giya yaikulu n'kuwagawa ndi mano a kakang'onoko, mupeza nambala imene imalembedwa pabokosi ija. Panthawi imeneyo zonsezi sindinkazidziwa. Chimene ndinkadziwa n'chakuti m'nyengo yozizira, nsomba za shad zikayandikira kumtunda, anzanga ankaponya nyambo yachitsulo yonyezimira n'kuibweza mwaliwiro, pomwe ine ndinkapukusa mpaka dzanja kuwawa koma nyambo yanga ikubwera ngati yatopa.

Tsiku lina ndinapeza munthu akugulitsa masipeyala a ma reel osakanikirana m'bokosi la nsapato, ndipo anandipatsa giya yaikulu ya mkuwa, yamano ang'onoang'ono, n'kunditsimikizira kuti iwonjezera liwiro. Inalibe pepala lililonse losonyeza kumene inachokera, koma poiyang'ana inkafanana ndi yanga, ndipo inalowa pamalo pake ngakhale kuti ndinachita kukanikiza potseka. Kagiya kakang'ono ndinakasiya komweko kakale. Popukusa handulo ndinamva kulimba ndi kaphokoso kokhala ngati mchenga walowa, koma ndinadziuza kuti zitsulo zachilendo zimafunika nthawi kuti zizolowerane, ndiye ndinangothira girizi wambiri n'kutseka.

Patapita milungu iwiri ndinali ku Umkomaas, gombe la kum'mwera kwa Durban, m'mamawa dzuwa lisanatuluke, ndipo nsomba yaikulu inagwira nyambo. Ndikukhulupirira kuti inali garrick, malinga ndi mmene inathamangira motsatira mafunde. Kwa mphindi zingapo zinthu zinkayenda, koma nditayamba kuikokera kumtunda ndodo itapindika, handulo inadumpha kamodzi, kenako kachiwiri, kenako inangoyamba kuzungulira yokha m'manja mwanga gudumu osasuntha. Ndinayesa kukoka chingwe ndi manja monga ankachitira bambo anga, koma chingwe cha nayiloni chopyapyala chinandicheka chala, chinakhudza mwala n'kuduka. Madzulo ake nditatsegula reel ija pathebulo, girizi yense anali atasanduka wachikasu chonyezimira chifukwa cha fumbi la mkuwa, ndipo mano a giya yaikulu anali atametedwa mbali imodzi ngati chimanga chokukutidwa ndi mbewa. Kagiya kakang'ono nako, kamene kanali katagwira ntchito zaka zambiri popanda vuto, kanali katalumika m'mphepete.

Amene anandiphunzitsa zenizeni ndi bambo ena achikulire amene ankakonza ma reel m'galaja kunyumba kwawo. Sanandikalipire. Anatenga giya yowonongekayo n'kuiika pamwamba pa giya yeniyeni ya Jigmaster, n'kundiuza kuti ndiwerenge mano a zonse ziwiri ndi nsonga ya singano. Anandionetsa kuti mtunda wa pakati pa mtanda wa giya yaikulu ndi mtanda wa gudumu susintha, chifukwa unakhazikitsidwa kufakitale pamene ankapanga chitsulo chimene magiya amakhalapo ndi chivundikiro cha m'mbali. Choncho wofuna kuwonjezera liwiro pamalo omwewo alibe njira ina koma kukulitsa giya yaikulu pang'ono n'kuchepetsa kakang'onoko, ndipo nthawi zambiri mano amakhala opyapyala kuti akwanepo. Mano a magiya amenewa ndi opendekeka, ndiye kukula kwake ndi kupendekeka kwake ziyenera kufanana mbali zonse ziwiri. Zikasiyana ngakhale pang'ono, mano amakumana nsonga ndi nsonga m'malo mogonana bwino, ndipo nsomba ikakoka amathyoka. N'chifukwa chake magiya amasinthidwa awiriawiri, ngakhale pamene imodzi yokha ndi imene yatha.

Kwa nthawi yaitali ndinkaganiza kuti kulakwa kwanga kunali kugula giya yosayenera basi, ndipo ndikanapeza yoyenera zonse zikanakhala bwino. Lero ndikuona kuti kulakwa kunayambira pamaganizo akuti liwiro ndilo ubwino wa reel. Aliyense amene anapalasapo njinga yamagiya atanyamula thumba la chimanga amadziwa kuti giya yothamanga pachigwa ndi yomwe imakutsitsa pamtunda. Kuchoka pa 4:1 kupita pa 5:1 kumatanthauza kuti pa nsomba yomweyo, dzanja lanu liyenera kukankha handulo ndi mphamvu yoposa kale ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo mphamvu yowonjezerayo imadutsa pa mano ochepa mphamvu kuposa akale. Imadutsanso pa kapaipi ka mkuwa kamene handulo imamangidwapo, kamene nsonga yake imatha n'kukhala yobulungira ikapanikizidwa kawirikawiri, handulo n'kuyamba kugwedera. Si mwangozi kuti ma reel opangidwira nsomba zazikulu ndi apang'onopang'ono. Reel ya nsomba zazikulu yotchedwa Senator, imene kampani ya Penn inatulutsa mu 1936, patangopita zaka 4 chikhazikitsireni Otto Henze kampaniyo ku Philadelphia mu 1932, ili ndi magiya a 2:1 pa mtundu wake wakuda wotchedwa 113, ndipo ngakhale 113H yofiira, imene ankaitcha yothamanga, imangofika pa 3.25:1.

Palinso chinthu china chimene nambala ya pabokosi siinena, ndipo n'chimene chikanandipulumutsa popanda kugula kanthu. Utali wa chingwe chimene chimabwera handulo ikazungulira kamodzi umadalira kudzaza kwa gudumu. Ngati chingwe chadzaza mpaka gudumu kukhala masentimita 5 m'mimba mwake, kuzungulira kumodzi kwa gudumu kumakoka masentimita pafupifupi 16, ndiye pa 4:1 mumabweza masentimita 63. Ngati chingwe chatsala chochepa moti gudumu lili pa masentimita 3, reel yomweyo imangobweza masentimita 38. Yanga ija chingwe chake chinali chosafika ndi theka lomwe, chifukwa ndinkangodula kumapeto chikakalika popanda kuwonjezera china. Ndinkaimba mlandu magiya pomwe vuto linali gudumu lopanda chingwe. Masiku ano munthu akabwera kwa ine n'kudandaula kuti Jigmaster yake ndi yochedwa, ndimayamba ndayang'ana gudumu, ndipo kangapo konse nkhani yathera pomwepo.

Manambala a masipeyala

Ubwino waukulu wa ma reel akale a Penn ndi wakuti sipeyala iliyonse ili ndi nambala ya mbali ziwiri. Nambala yoyamba imanena mtundu wa chitsulocho: 5 ndi giya yaikulu, 13 ndi pinion, 29 ndi gudumu la chingwe, 98 ndi kapaipi ka handulo kaja, 10 ndi nyenyezi yomangira mabuleki a chingwe. Nambala yachiwiri imanena reel imene chitsulocho chinapangidwira poyamba. Ndiye mukaona 5-500 ndi 13-500 pamndandanda wa masipeyala a Senator 112H, dziwani kuti reel imeneyo imagwiritsa ntchito magiya omwewo a Jigmaster 500, ndipo nayonso ndi 4:1. Mawashala a mabuleki a Jigmaster 500 nambala yake ndi 6-309, kusonyeza kuti anabwerekedwa ku reel ina. Kumbali inayi, 113 ndi 113H zonse zimatchedwa 4/0, dzina losonyeza kukula kwa reel, koma magiya ake salowerana. Dzina lofanana silitsimikizira kanthu, ndipo diso nalo limanama. Chodalirika ndi nambala yofanana pa mapepala onse awiri ojambulidwa m'kati mwa ma reel mukufuna kusinthanitsawo.

Ngakhale tinthu tooneka tosafunika timasiyana. Kapaipi ka 98-60 kali ndi mazinga akuluakulu pomwe ka 98-505 kali ndi mazinga ang'onoang'ono, ndipo mukakakamiza nyenyezi ya kamodzi pa kanzake, mumawononga zonse ziwiri musanafike n'kunyanja komwe. Ndinaonapo reel imene mwini wake anaimanga ndi pulayala atalephera ndi manja, ndipo inafunika kudula ndi sowo kuti nyenyeziyo ichoke. Pa ma reel akale kwambiri pamakhalanso vuto lakuti eni ake oyamba anasinthamo kale zinthu zaka zambiri zapitazo, choncho zimene zalembedwa kunja sizikhala zimene zili m'kati. Asodzi a ku California ankakonda kwambiri kusintha ma Jigmaster awo ndi masipeyala a Carl Newell, kuphatikizapo magudumu opepuka ndi magiya a 5:1 opangidwira 500 yeniyeniyo, ndipo reel yotere ikadutsa m'manja mwa anthu atatu kapena anayi, wogula womaliza sadziwa chimene wanyamula. Musanagule sipeyala iliyonse, matani kapepala pagudumu, pukusani handulo kamodzi pang'onopang'ono, muwerenge kuti kapepalako kadutsa kangati.

Ine maganizo anga ndi akuti Jigmaster 500 isiyidwe pa 4:1. Reel imeneyi yakhala ikutulutsa nsomba za kob ndi yellowtail m'magombe a South Africa kwa mibadwo iwiri ili choncho, ndipo ndalama zimene mungawononge pofuna liwiro zingagwire ntchito yaikulu mukagula mawashala atsopano a mabuleki, kapaipi ka chitsulo chosachita dzimbiri ndi handulo yaitaliko pang'ono.

Tsono pa funso lanu achimwene: ayi, musagule magiya a 505 kuti muike mu 500. Jigmaster 505 ndi 5:1 ndithu, koma gudumu lake ndi lina, limayenda pa mabering'i a timipira pomwe la 500 limayenda pa mabushi, timphete tachitsulo topanda timipira, ndipo pinion yake inapangidwira mtanda wa gudumu lakelo. Ngati mukufunadi liwiro, gulani 505 yathunthu, kapena funani magiya a 5:1 opangidwira 500 mwachindunji, ndipo mugule onse awiri pamodzi ali m'paketi imodzi. Koma musanatulutse ndalama, dzazani kaye gudumu lanu mpaka patsale mamilimita 2 kapena 3 kuti chingwe chifike m'mphepete, mukaponye kangapo, kenako mundilemberenso mundiuze masentimita amene ikubweza handulo ikazungulira kamodzi.