Kusamukira ku Dedza: yankho langa kwa mmisiri wa matabwa wa ku Area 25

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa bambo wina wa ku Area 25, ku Lilongwe. Dzina lawo sinditchula. Ndi mmisiri wa matabwa, amagwira ntchito pa shedi ya munthu wina, ali ndi mkazi ndi ana atatu. Akuti lendi yakwera kawiri m'chaka chimodzi, makala, madzi ndi ufa zonse n'zogula, ndipo mwezi ukangofika pa 20 m'thumba mumakhala mutauma. Akazi awo kwawo ndi ku Bembeke, m'boma la Dedza, ndipo apongozi anena kuti munda ulipo, angobwera. Funso lawo n'lakuti: kodi n'zoona kuti kumudzi moyo ndi wotchipa, ndipo asamuke?

Achimwene, imelo yanu ndaiwerenga katatu chifukwa inandikumbutsa mmene ndinalili ine ndisanachoke mu Lilongwe momwemo kubwerera kuno ku Dedza. Ndikuyankhani monga mmene ndikanamuyankhira mng'ono wanga wa bere limodzi.

Zotchipa zilipodi, ndipo sindikubisirani. Nyumba mukamanga yanu, palibenso wobwera kudzagogoda pakutha pa mwezi. Madzi a pamjigo mumangosonkha kangachepe pamwezi koti pakaonongeka mugulire zipangizo. Ndiwo zamasamba, nkhwani, chisoso, bonongwe, mpiru, mumathyola kuseri kwa nyumba kapena kudimba. Kabichi, tomato, anyezi, nyemba ndi mbatata ya kachewere zimene mumagula mu Lilongwe zatuluka m'manja atatu kapena anayi, zambiri zimachokera konkuno: pa Bembeke, pa Chimbiya, pa Lizulu, pa Tsangano. Kuno mumagula kwa mwini wake wolima, ali ndi dothi m'zikhadabo, ndipo akakudziwani amakuikirani basera. Mmawa wa mwezi wa Epulo, mayi a ana akaphika maungu ndi chimanga chachiwisi, ana n'kudya mpaka kusiya, inu osatulutsa ngakhale K100, mtima umakhala pansi mwa njira imene m'tauni ndinali nditaiiwala.

Koma sopo samera m'munda. Shuga, mafuta ophikira, mchere, makope a ana, mankhwala, malata, simenti, zonsezi zimachokera kutauni komwe mukuthawako, ndipo zikafika pa kagolosale ka m'mudzi zimakhala zitakwera chifukwa wogulitsa waikapo ya thiransipoti. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ululu wake sunathere pa Area 25. Unafika mpaka kwa agogo a kuno amene sanapondepo mu banki. Ena amadumpha msewu kukagula ku Mozambique, poti kuyambira pa boma la Dedza kutsika mpaka cha ku Biriwiri malire ali pafupi ndi msewu wa M1, malo ena msewuwo ndiwo malire. Koma kwacha ikafooka, nakonso kutsidyako zinthu zimatiwawa.

Chimene ndikufuna mumvetse kwambiri ndi kayendedwe ka ndalama. M'tauni ndalama imalowa mwezi ndi mwezi, n'kumatuluka pang'onopang'ono tsiku lililonse. Kumudzi imalowa kamodzi pachaka, pokolola, ndipo ikamatuluka imatuluka yambiri nthawi imodzi: pa feteleza, pa matenda, pa fizi, pa maliro. Anthu ambiri amene ndawaona akubwera kuno ndi chimwemwe n'kubwerera kutauni patatha chaka, chinawagonjetsa n'chimenechi. Anawerengera ya lendi imene adzapulumutse, osawerengera mwezi wa Okutobala, nthawi yogula feteleza.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Banja langa ndi la anthu asanu ndi mmodzi, ndipo timadya thumba limodzi ndi theka la chimanga pamwezi, la makilogalamu 50 lija. Pachaka ndiye matumba 18, kupatula cha alendo, cha pamaliro ndi chopatsa aganyu. Nthaka yathu inatopa, yakhala ikulimidwa chimanga chaka ndi chaka kuyambira nthawi ya makolo, ndipo anthu tachuluka: kalembera wa 2018 anapeza kuti boma la Dedza lili ndi anthu 830,512, la Ntcheu 659,608. Minda ikunka nichepa pogawana. Pa ekala imodzi pamafunika thumba limodzi la feteleza wokulitsa, wa NPK, ndi limodzi la wobereketsa, wa Urea. M'chaka cha 2020 thumba linali cha m'ma K20,000. Pofika 2024 linali litadutsa K100,000. Wotsika mtengo wa boma uja, wa AIP, anayamba pa K4,495 mu 2020, n'kufika K7,500, kenako K15,000, koma chiwerengero cha opindula chinkatsika, ndipo inu wobwera kumene musaikepo mtima kuti dzina lanu lituluka. Konzekani ngati kuti mudzagula nokha.

Ambiri kuno tinaphunzira kupanga manyowa a Mbeya. Timasakaniza feteleza wochepa ndi gaga, phulusa ndi ndowe za ziweto, kuwaza madzi, n'kumanga m'thumba la pulasitiki kwa masabata atatu. Amathandiza ndithu, thumba limodzi la feteleza limatambasuka. Koma pafunika ziweto zokupatsani ndowezo, nkhuku, mbuzi kapena nkhumba, ndipo munthu wochokera kutauni amafika alibe ngakhale nkhuku imodzi.

Ndiye ngakhale mwathira feteleza, mvula simuilamula. Walira mvula walira matope, koma chaka china ngakhale matopewo osawaona. M'dzinja la 2023 mpaka 2024 ng'amba ya El Niño inawotcha chimanga chili pa ngaiyaye, mpaka mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Kumayambiriro kwa 2025 thumba la chimanga linafika K100,000 m'misika ina. Ndinaona ndi maso anga abambo olimbikira ntchito, amene mu Meyi anagulitsa chimanga kwa mavenda pa mtengo wolira kuti alipire ngongole ya banki m'khonde, ataima pamsika mu Febuluwale ndi kajumbo m'manja, akugula chimanga chomwecho pa mbale. Ena anasiya minda yawo ili thengo n'kukapalira ya anzawo kuti apeze ufa wa tsikulo. Ganyu wa mu Januwale amadyetsa lero, koma ndiye amabala njala ya chaka chamawa, chifukwa munda wako umakhala ukudyedwa ndi udzu. Mukadzakolola, chimanga cha chakudya musachikhudze. Thirani mankhwala a anankafumbwe kapena gulani matumba a PICS aja osalowa mpweya, mutseke, muiwale.

Mudzamva anthu akuti ku Bembeke ndalama ili mu kachewere. N'zoona, nyengo yozizira ya kuno imagwirizana nayo mbatatayi, ndipo pali anthu amanga nyumba za malata ndi kugula njinga zamoto chifukwa cha iyo. Koma imadya ndalama isanakupatseni ndalama. Mbewu ndi yodula, feteleza imafuna wambiri kuposa chimanga, ndipo kukachita chifunga ndi mvula yamvumbi, chiwawu chimatha kupsereza munda wonse m'masiku ochepa ngati simunapopere. Mukakumba, aliyense wakumbanso, mtengo umanena ndi venda, ndipo ndowa yake amaidzaza mpaka kusanjikiza pamwamba ngati chulu. Chaka choyamba limani pang'ono, pafupi ndi munthu woidziwa.

Tsopano nkhani ya munda, imene mwaitchula mongodutsa koma kwa ine ndi yaikulu kuposa zonse. Mukupita kwawo kwa akazi anu. Kuno, Achewa ngakhalenso Angoni ambiri a kwa Gomani ndi kwa Kachindamoto, timatsata chikamwini. Munda apongozi akunenawo ndi wa mbumba, ndipo mwini mbumba ndi malume a akazi anu kapena alongo awo. Inu mudzalima, mudzadya, mudzalemekezedwa ngati muli ndi khalidwe, koma akulu anati mkamwini asamakule mwendo. Sindikunena izi kuti ndikuopsezeni kapena kunyoza mwambo wathu, umene umateteza amayi ndi ana kuti asasowe pokhala. Ndikunena chifukwa ndinaona bambo wina, mnansi wathu, amene anamanga nyumba ya njerwa zootcha pamalo a kuchikamwini ndi ndalama yake yonse ya penshoni. Akazi ake atamwalira, palibe anamuthamangitsa ndi mawu, koma moni anayamba kuchepa, nkhani za pabanja zinkakambidwa iye kulibe, mpaka ananyamuka yekha ndi kachikwama ndi wailesi. Musanaumbe njerwa ngakhale imodzi, khalani pansi ndi akazi anu, apongozi, eni mbumba ndi a nyakwawa. Aloze malire pamaso pa mboni, zilembedwe. Lamulo la malo a makolo la 2016, Customary Land Act, limalola kulembetsa malo otere, ndipo ku ofesi ya za malo pa boma angakuuzeni pamene ntchitoyi yafika m'dera lanulo. Safunsa anadya phula.

Za matenda ndikuuzani zimene zinandichitikira. Mwana wanga wachiwiri anatentha thupi usiku, mwezi wa Febuluwale, mvula ikugwa. Msewu wathu wafumbi unali phala lokhalokha. Ndinagogoda kwa mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto cha m'ma 1 koloko, ndipo mtengo anatchula kuwirikiza katatu wa masana, poti mafuta anagula a m'zigubu. Sindinatsutse. Mayi ake anam'bereka kumbuyo, tinamufunditsa pepala la pulasitiki, ine ndikuthamanga pambuyo malo oterera kukankha njinga. Titafika pa chipatala chaching'ono anamuyeza n'kupeza malungo, koma mankhwala ena anati tikagule. Mwana anachira, tikuthokoza Mulungu. Usiku umodzi umenewo unadya ndalama imene kutauni ikanatikwanira ndiwo za sabata ziwiri. Chipatala chachikulu cha boma chili pa Dedza, cha mishoni chili ku Mua kumunsi kwa phiri koma n'cholipira, ndipo matenda akakula amakutumizani ku Kamuzu Central, makilomita oposa 80 kuchokera pa boma. Muzikhala ndi ndalama yapadera mu Airtel Money kapena Mpamba imene simuikhudza ngakhale mchere utatha.

Kuzizira musakuderere. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, phiri lake limafika 2,198. Mu Juni ndi Julayi madzi a mu ndowa amaluma zala, chifunga chimaphimba mudzi mpaka dzuwa litakwera, ana amasweka milomo ndi mapazi. Mabulangete ndi majuzi a ana atatu muwawerengere. Ubwino wake udzudzu kumtunda kuno ndi wochepa poyerekeza ndi ku Golomoti kapena ku Mtakataka, ngakhale malungo sanatheretu. Nkhuni nazo zinasiya kukhala zaulere, mapiri anameteka, amayi amayenda mtunda. Magetsi a ESCOM ali m'ma trading centre, m'midzi yambiri tikudalira kasola kotchajira foni ndi kuunikira mababu awiri. Sukulu za pulayimale zili pafupi ndipo n'zaulere kuyambira 1994, koma m'kalasi ana amadzaza, choncho madzulo muzikhala nawo pansi ndi makope awo.

Pali ndalama inanso imene siilembedwa pa bajeti: chibale. Wochokera kutauni amaonedwa ngati ali nazo. Pamaliro mudzapereka chipepeso, ufa, nkhuku, ndipo tsiku limenelo ndi lotsatira simugwira ntchito. Mlamu adzabwereka, mphwake wa akazi anu adzasowa fizi. Poyamba zinkandilemera. Koma tsiku limene denga la khitchini yathu linasasuka ndi mphepo, ndisanatsuke n'kumaso komwe, amuna asanu anali atafika ndi nsungwi ndi luzi, ndipo palibe anatchula za malipiro. Zaka zonse ndinakhala mu Lilongwe, woyandikana naye nyumba sindinkadziwa ngakhale kwawo.

Chimene chikundipatsa chiyembekezo pa inu ndi luso lanulo. Simukubwera manja lende. Matabwa a paini kuno amapezeka, a m'nkhalango za Dedza ndi Chongoni ndi a anthu odzala okha, ndipo anthu akagulitsa kachewere, soya ndi nyemba amafuna zitseko, mafelemu, mabedi ndi mipando. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala ntchito mudzaipeza. M'dzinja imazilala, ndipo ena adzakulipirani ndi ndowa ya chimanga kapena mbuzi. Landirani, n'chuma chomwecho. Pezani kamalo pa trading centre pomwe pali magetsi, osati pakhomo pa apongozi.

Ndiye mukandifunsa kuti musamuke kapena ayi, ine ndikuti samukani, koma osati onse tsiku limodzi pa lole. Chaka chino limani muli ku Area 25 konko. Gulani feteleza mu Ogasiti kapena Seputembala asanakwere, mayi atsogole nthawi yodzala, inu muzibwera kumapeto kwa sabata, minibasi ya ku Dedza ndi maola awiri okha. Mukakolola, muwerenge matumba, muchotse zonse munalowetsa, muone ngati akufika pa chakudya cha chaka. Zipangizo zanu, mapuleni, macheka ndi zina, yambani kugula zanuzanu panopa, chimodzichimodzi. Ndipo musanapange chiganizo chomaliza, mudzabwere mudzagone kwa apongozi sabata yathunthu mu Febuluwale, osati pa Khirisimasi pamene aliyense wapha nkhuku. Mudzaone chimene chikuphikidwa masana, mudzayende wapansi kuchoka pakhomopo kukafika pa chipatala, mudzafunse mtengo wa sopo pa golosale. Mukadzatsika pa Bembeke turn-off mundilemberenso, ndidzabwera ndi njinga tidzayendere limodzi mundawo.