Yankho kwa mayi a ku Santhe pa za chithunzi cha mizere yoimirira

Mayi, mwafunsa mmene mungaonetsere pa chithunzi chimodzi zimene munalemba za alimi a m'kalabu yanu, monga kukula kwa munda, matumba a feteleza, masiku amene anapita mvula yoyamba itagwa asanadzale, ndi matumba a chimanga amene anakolola, pomwe laputopu yanu ndi yakale ndipo bando ndi yodula. Chimene mukufuna chimatchedwa parallel coordinates, njira imene Alfred Inselberg anaitchukitsa mu 1985. Chinthu chilichonse chimene munayeza chimakhala ndi mzere wake woimirira ngati nsanamira, ndipo mlimi aliyense amakhala chingwe chimodzi chodutsa pa nsanamira zonsezo.

Ndikukulangizani pulogalamu ya gnuplot, chifukwa ndi yaulere, ndi yaing'ono, ndipo mukaiika pa kompyuta simufunikanso intaneti. Sungani tebulo lanu ngati CSV (fayilo imene makolamu ake amalekanitsidwa ndi chizindikiro cha koma), n'kuipatsa dzina loti alimi.csv, tsegulani gnuplot, kenaka lembani izi:

set datafile separator ","
plot for [i=2:5] "alimi.csv" using i with parallelaxes

Kalembedwe kameneka ndi ka gnuplot 5.4 kupita m'tsogolo. Ngati yanu ndi 5.0 kapena 5.2, manambala a makolamu amalembedwa pamodzi, using 2:3:4:5, choncho yambani mwaona mtundu umene muli nawo musanaganize kuti mwalakwitsa. Ndayambira pa 2 poganiza kuti kolamu yoyamba ndi ya mayina. Kuti manambala aoneke pa nsanamira, lembani set paxis 1 tics, ndipo muchite chimodzimodzi pa zinazo.

Koma chimene ndikufuna muchisamale kwambiri ndi dongosolo la nsanamirazo, pakuti chithunzichi chimaonetsa bwino ubale wa nsanamira ziwiri zoyandikana zokha. Mukaika feteleza kumanzere kwenikweni ndi zokolola kumanja kwenikweni, funso limene alimi anu akufuna kumva yankho lake lidzasokonekera pakati. Ziikeni moyandikana. Zingwe zikamayenda pamodzi osapingasana, ndiye kuti amene anathira feteleza wambiri anakololanso zambiri. Zikapingasana n'kupanga mtanda, chimodzi chikukwera pamene chinzake chikutsika, ndipo mwina mudzaona zotere pakati pa kuchedwa kudzala ndi zokolola. Ineyo ndimajambula kawiri kapena katatu, n'kumasinthanitsa nsanamira, ndisanakhulupirire chimene maso anga aona.

Chinanso, musaike matumba onse okolola monga momwe alili, chifukwa wa maekala asanu adzaposa wa ekala imodzi ngakhale atalima mosasamala. Gawani zokolola ndi feteleza pa ekala musanajambule.

Alimi akachuluka, zingwe zimathithikana ngati udzu wa denga. Pamenepo jambulani mudzi uliwonse paokha, koma muike malire ofanana ndi set paxis 4 range [0:40], pomwe 4 ndi nambala ya nsanamira ya zokolola, posintha 40 kuti igwirizane ndi zokolola zanu, kuti zithunzizo zitheke kufananitsidwa pa msonkhano wa kalabu.